Kuflasha si kukonza: za kabodi kosuzumira m'mimba mwa kanzake

Aliyense amene anapitapo ndi foni yozima kwa okonza mafoni pa boma la Lundazi amawadziwa mawu awa: "Iyi ikufunika kuflasha, akulu." Mnyamata amailandira, amailumikiza ku laputopu yong'aluka pakona, ndipo kamzere kamayamba kuyenda pang'onopang'ono pa sikirini. Pakatha mphindi zingapo itel kapena Tecno ija imadzuka ngati yangochoka kumene m'sitolo. Manambala apita, zithunzi za ukwati wa mlongo wanu zapita, koma foni ikuyaka. Mukafunsa kuti chinavuta n'chiyani, yankho ndi lomwe lija la masiku onse: "Inali software." Sakukunamizani ayi. Iyenso sakudziwa, ndipo njira imene wagwiritsa ntchitoyo sifuna kuti adziwe. Wagumula nyumba yonse n'kumanga ina chifukwa chitseko chimakana kutseguka.

Ndilibe nawo mlandu anyamatawa. Adzutsa mafoni ambiri amene tikadaponya m'dzenje. Koma pali kuflasha kwina kumene sitikukamba kawirikawiri kuno, kumene amachita anthu opanga zipangizo. Kumayambanso ndi chingwe ndi laputopu, koma cholinga chake n'chakuti munthu aone chimene chikuchitika mkati mwa chipangizo chili chiyakire, agwire cholakwika chili pa ntchito, asanafufute kanthu.

Tiyambe ndi chimene chimaflashidwacho. Dzina lake ndi firmware, ndipo ndi pulogalamu yaing'ono yokhala m'kati mwa chipu, yosafufutika magetsi akazima. Muli nayo m'nyumba mwanu m'malo ambiri kuposa momwe mukuganizira: m'kabokosi koyendetsa sola kamene kamaletsa batire kudzaza mopitirira, m'mita ya ZESCO ya mayunitsi, m'dikoda ya TV, m'sikelo ya manambala imene ogula soya, mtedza ndi thonje amabwera nayo nyengo yokolola. Chilichonse mwa izi chili ndi kakompyuta kamodzi kakang'ono ngati chikhadabo, kogwira ntchito imodzi moyo wake wonse. Munthu akafuna kupanga chipangizo chake chotere sayambira pa chipu yokhayokha. Amagula kabodi kophunzirirapo ndi kuyeserapo, pomwe chipu yawotcheredwa kale pamodzi ndi polowetsa USB ndi mizere ya mapini m'mbali. Todziwika kwambiri ndi Arduino, amene anayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, micro:bit wa BBC wa 2016, ESP32 wa kampani ya Espressif ya ku China, ndi Raspberry Pi Pico amene anatuluka mu January 2021 pa mtengo wa madola 4.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu a ku Kasungu, anapanga makina ake a magetsi oyendera mphepo ndi dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala ndi mapaipi a pulasitiki. Chikavuta ankachiona ndi maso: tcheni chaguluka, waya waduka, phiko lapindika. Mwana wa lero wa kalabu ya sayansi ya JETS amene akupanga chipangizo ndi Pico alibe mwayi umenewo. Chipu yake imagunda ka 125 miliyoni kapena kupitirira pa sekondi imodzi, ndipo ikalakwitsa simveka phokoso, situlutsa utsi. Imangokhala phee.

Tiyerekeze mtsikana wa sekondale amene wapanga makina oswetsera mazira a nkhuku. Watenga bokosi, babu wotenthetsa, kachipangizo koyeza kutentha kuti kuzikhala cha pa madigiri 37.5, ndi kamota kotembenuza mazira pa maola anayi alionse. Mazira amafuna masiku 21. Pulogalamu yake imawerenga masekondi kuchokera pamene makina ayatsidwa: akakwana 14,400 kamota katembenuze, akakwana 28,800 katembenuzenso, kenako 43,200, mpaka m'tsogolo. Poyesa kunyumba zonse zikuyenda. Wakaika makina pa batire ya sola kuti asamazime, ndipo m'mawa akupeza mazira ali chikhalire mbali imodzi. Akazimitsa n'kuyatsanso, kamota kakuyambanso kugwira. Akaflasha pulogalamu yomweyo kachiwiri, kakugwiranso. Mawa lake kaimanso.

Chavuta n'chakuti nambala yowerengera masekondi anaisunga m'kamalo ka mabiti 16, ndipo kamalo kotere, kakamasunganso manambala otsika kupyola ziro, kamathera pa 32,767. Ukaonjeza imodzi pamenepo nambala imagudubuka n'kukhala -32,768. Masekondi 32,767 ndi maola 9 ndi mphindi 6. Ndiye kuti kamota kamatembenuza mazira pa ola lachinayi ndi lachisanu ndi chitatu, koma 43,200 ija sidzakwana mpaka kalekale. Chondiseketsa pa cholakwika chotere n'chakuti magetsi ozimazima amachibisa. Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa Kariba ndipo malaiti akubwera maola ochepa patsiku m'madera ambiri a Zambia, makina otere akadaoneka abwinobwino, chifukwa kuzima kulikonse kumabwezera nambala pa ziro. Batire yodalirika ndi imene ikuulula matenda. Ndipo kuflasha kumaoneka ngati mankhwala pa chifukwa chomwecho: kumayambitsanso kuwerenga.

Anthu a makompyuta cholakwika chotere amachitcha bug, kutanthauza kachirombo, ndipo kuchisaka amati debugging. Mawuwa ndi akale, Thomas Edison ankawagwiritsa ntchito kale m'zaka za m'ma 1870, koma nkhani imene amakonda kusimba ndi ya pa 9 September 1947, pamene ogwira ntchito pa kompyuta ya Harvard Mark II ku America anapeza kagulugufe ka usiku katapanikizika m'kati mwa makina, n'kukamata m'buku lawo la ntchito. Awo anali ndi mwayi. Kachirombo kawo kanali ndi mapiko.

Njira yoyamba imene aliyense amaphunzira ndi youza pulogalamu kuti izilemba pa laputopu pamene yafika: "ndili pano", "nambala ndi yakuti". Imathandiza, ndipo pa Arduino Uno anthu ambiri amathera pomwepo. Koma imafuna kuti uyambe waganiza kale pamene pali vuto, ndipo nthawi iliyonse ukafuna kuona china uyenera kusintha pulogalamu n'kuflashanso. Mtsikana wathu uja angadikire maola 9 pa kuyesa kulikonse. Nthawi zinanso kulembako kumachedwetsa chipu moti cholakwika chimabisala, n'kudzabweranso ukachotsa mizere yolembayo.

Opanga machipu anasiya khomo lakuseri. Lakale ndi JTAG, limene linakhazikitsidwa ngati muyezo wa IEEE 1149.1 mu 1990. Poyamba linali loyesera ngati mapini awotcheredwa bwino m'fakitale, kenako anthu anaona kuti mawaya anayi omwewo angathe kulamula chipu yonse. Okonza mafoni akalekale amalidziwa khomoli, chifukwa mabokosi awo ena, monga RIFF Box ndi Easy JTAG, ankalowera pomwepo podzutsa foni imene yakana ngakhale kuflashidwa. Machipu a mtundu wa Arm, monga a STM32 ndi amene ali mu Pico ndi micro:bit, ali ndi khomo laling'ono lotchedwa SWD, la mawaya awiri okha: SWCLK wopereka kugunda kwa nthawi, ndi SWDIO wodutsa uthenga uku ndi uku. Wachitatu ndi GND, waya wapansi. Ukalowera pamenepa ungaimitse chipu pa mzere umene wasankha, kuiyendetsa phazi limodzi limodzi, kuwerenga nambala iliyonse ili m'mutu mwake, ngakhale kuisintha.

Koma laputopu silankhula SWD. Imadziwa USB basi. Pakati pamafunika womasulira, kachipangizo kamene amati probe, ndipo apa ndi pamene nkhani yathu yagona. Womasulirayu nayenso ndi chipu wamba, ndipo chimene chimamupanga kukhala womasulira ndi firmware imene waikidwa. Ndiye kuti kabodi kamene kali m'thumba mwanu kangasanduke probe mukakaflasha ndi firmware yoyenera. Ma probe ogula alipo: J-Link wa kampani ya SEGGER ya ku Germany, amene mtundu wake wa akatswiri umadula madola mazanamazana, ST-LINK wa STMicroelectronics, ndi Debug Probe wa Raspberry Pi amene anatuluka mu February 2023 pa madola 12. Koma kwa munthu wa ku Lundazi njira yapafupi ndi Pico wachiwiri.

Kachitidwe kake n'kosavuta moti munthu amakayikira ngati wachitadi kanthu. Mumatenga pa intaneti fayilo ya a Raspberry Pi yotchedwa debugprobe_on_pico.uf2, imene kale inkatchedwa picoprobe. Ndi yaing'ono, simaliza bandulo. Mumadina kabatani koyera kolembedwa BOOTSEL, osakasiya, n'kulowetsa chingwe cha USB ku laputopu. Pa sikirini pamatuluka diski yatsopano ngati fulashi, dzina lake RPI-RP2. Mumakokera fayilo ija m'menemo. Diski imazimiririka yokha, ndipo musaope, ndiye kuti zatheka: kabodi kadzukanso kali probe. Amene ali ndi Pico 2, wa chipu ya RP2350 amene anatuluka mu August 2024, atenge fayilo ya Pico 2, chifukwa ya woyamba uja sigwira pamenepo.

Kenako mawaya. Pini GP2 ya probe ipite ku SWCLK ya kabodi kodwala, GP3 ipite ku SWDIO, GND ku GND. Pa Pico timabowo titatu timeneti tili kumapeto, mbali yotalikirana ndi USB, ndipo pamafunika kuwotcherera mapini, ntchito ya mphindi zisanu kwa wokonza mawailesi aliyense. Mukafunanso kuti mauthenga olembedwa aja adutse pa chingwe chomwecho, GP4 ya probe ipite ku GP1 ndipo GP5 ipite ku GP0. Pa laputopu pamafunika mapulogalamu awiri aulere: OpenOCD, imene Dominic Rath anaiyamba mu 2005 ali wophunzira ku Augsburg, yolankhula ndi probe, ndi GDB, imene Richard Stallman analemba mu 1986, yolankhula ndi inu. Chilankhulo cha probe ameneyu ndi CMSIS-DAP cha a Arm, choncho sagwira pa Pico yekha. Angasuzumirenso machipu ambiri a Arm a makampani ena.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Walumikiza mawaya atatu, makina ake akuyenda. Akuimitsa chipu, akufunsa kuti nambala ya masekondi ili pa zingati, ikumuuza 212. Sadikira maola 9. Akuilamula kuti nambalayo ikhale 32,760, n'kuimasula kuti ipitirire. Akuwerenga chamumtima mpaka khumi, akuimitsanso, akufunsanso. Pa sikirini pakutuluka -32,766. Matenda amene akadamudyera mazira a masabata atatu wawaona m'masekondi khumi, ndipo mankhwala ake ndi kusintha liwu limodzi mu pulogalamu kuti nambala isungidwe m'mabiti 32 kapena 64. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa probe yachepetsa ndi kudekha komwe.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri pa ntchitoyi si firmware ayi. Ine tsiku langa loyamba ndinataya madzulo onse. Ndinadina BOOTSEL, ndinalowetsa chingwe, diski osatuluka. Ndinayesa khomo lina la USB, ndinazimitsa laputopu n'kuyatsanso, ndinayamba kutukwana mumtima munthu amene anandigulitsa kabodi kuti wandipatsa kakufa. Mphwanga amene ankandiyang'ana ali chete anangoti, "Achimwene, chingwecho si cha tochi ija?" Chinalidi cha tochi yotchaja. M'kati mwake muli mawaya awiri okha a magetsi, mulibe awiri ena odutsa uthenga, ndipo kunja simungachisiyanitse ndi chenicheni. Zingwe zambiri za pa msika n'zotero. Chiyeseni kaye pa foni: ngati laputopu ikuona zithunzi za m'foni, chingwecho n'chabwino.

Zina zogwetsa n'zazing'ono chimodzimodzi. Kuiwala waya wa GND, ndiye OpenOCD imangodandaula kuti "cannot read IDR". Kusinthanitsa SWCLK ndi SWDIO. Mawaya aatali ngati oyanikira zovala, pamene amafunika aafupi ngati chala, ndipo akakhala aatali muyenera kutsitsa liwiro la probe. Kabodi kodwala kukhala kopanda magetsi, popeza mawaya atatu aja sakadyetsa. Pa Linux pamafunika kupereka chilolezo chakuti munthu wamba agwiritse ntchito kachipangizo ka USB kameneko. Choopsa chenicheni ndi chimodzi: mapini a Pico ndi a mavoti 3.3, ndipo mukawagunditsa ku 5 wa Arduino Uno mungawatenthe, pomwe palibenso firmware ingawadzutse.

Nanga malaiti akazima kuflasha kuli pakati? Ili ndi funso la kwathu kuno, ndipo yankho lake ndi limene limandichititsa kukonda Pico. Kapulogalamu kamene kamayankha BOOTSEL kanadindidwa m'chipu ku fakitale, pamalo osalembeka. Fayilo ikaduka pakati, mumangodinanso batani n'kuyambiranso. Simungamuphe ndi kuflasha. Si tonse timabodi tili choncho. Pa tina kapulogalamu kodzutsa kamakhala pamalo ofufutika, ndipo mukakafufuta mumafunika probe wina kuti mudzutse probe wanuyo. Choncho laputopu ikhale ndi batire yogwira musanayambe.

Timabodi tina timabwera ndi womasulira wake kale. Pa micro:bit pali chipu yachiwiri imene ntchito yake ndi yomweyi, ndipo firmware yake ndi DAPLink. Mukafuna kuikonzanso mumachotsa mabatire, mumadina batani lakumbuyo polowetsa chingwe, ndipo diski imatuluka ndi dzina lakuti MAINTENANCE m'malo mwa MICROBIT. Fayilo ikhale ya mtundu wa bodi yanu, popeza woyamba ndi wachiwiri amasiyana. Mabodi a Nucleo a STMicroelectronics ali ndi ST-LINK kumutu kwake, ndipo SEGGER imapereka kapulogalamu kotchedwa STLinkReflash kosandutsa ST-LINK wa ena mwa mabodi amenewa kukhala J-Link, ndi kumubwezeranso mukafuna. Werengani malamulo ake musanadine kuvomera: amalola pa machipu a ST okha ndi pa mabodi ophunzirirapo, osati pa katundu amene mukupanga kuti mugulitse. Machipu ena atsopano a Espressif, monga ESP32-C3 ndi ESP32-S3, womasulira ali m'kati mwenimweni, chingwe cha USB chokha n'chokwanira.

Ndiye pali Blue Pill, kabodi kabuluu kotchipa ka chipu ya STM32F103, kamene anthu amakonda kukasandutsa Black Magic Probe. Firmware imeneyo ndi yabwino, imalankhula ndi GDB mwachindunji popanda OpenOCD. Koma woyamba kumene sindingamutume kumeneko. Kabodika sikalandira firmware pa USB kakadali katsopano, ndiye mumafunika kachipangizo kena kolumikiza ku mapini PA9 ndi PA10, mutasuntha kajampa ka BOOT0. Zili ngati kufuna nyundo kuti usule nyundo. Kuonjezera apo, timabodi tambiri totere pa msika tili ndi machipu otsanzira a makampani ena, makamaka kuyambira nthawi ya kusowa kwa machipu ya 2020 mpaka 2022. Ena amagwira, ena amakana pa zinthu zing'onozing'ono, ndipo munthu amene akuphunzira sangadziwe ngati walakwitsa ndi iye kapena chipu.

Wina afunsa, ndipo ndi funso loyamba limene wokonza mafoni amafunsa: kodi ndi probe ameneyu ndingatsegule sola ya ngongole imene yazima chifukwa mwini wake sanalipire? Kodi ndingalowe m'mita? Ayi, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kuseweretsa mita ya magetsi ndi mlandu, ndipo kutsegula katundu wa ngongole n'kuba ngati kuba kwina kulikonse. Chachiwiri, opanga katundu amakhoma khomo lija asanagulitse. Machipu ambiri a STM32 ali ndi maloko atatu. Pa 0 khomo n'lotseguka. Pa 1 simungawerenge pulogalamu, ndipo mukakakamiza kutsegula chipu imafufuta zonse zili m'kati, n'kukusiyirani chipangizo chopanda nzeru. Pa 2 khomo lamatidwa ndi simenti, ngakhale amene anapanga sangalitsegulenso. Wophunzira asaseweretse loko ameneyu pa bodi yake, chifukwa alibe chibwereza.

Loko pa katundu amene sanathe kulipiridwa ndimamumvetsa. Chimene chimandiwawa ndi katundu amene munthu anamaliza kulipira, wogulitsa anatseka shopu n'kupita, ndipo kabokosi kakafa pa cholakwika chonga cha masekondi 32,767 chija palibe angakathandize m'boma lonse. Panelo ndi yabwino, batire ndi yabwino, koma zonse zagona pansi pa bedi. Amene adzapange zipangizo kuno, kaya zothirira m'dimba kaya zoswetsera mazira, aganize kawiri asanakhome khomo limene mnzawo wa ku Lumezi kapena ku Chasefu adzafune kulowera zaka zisanu zikubwerazi.

Kuchoka ku Lundazi kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kuchoka pamenepo kufika ku Lusaka ndi ena opitirira 550. Malo monga BongoHive, amene anayamba mu 2011 kuthandiza achinyamata a zaukadaulo, ali ku Lusaka komweko. Wophunzira wa kumeneko chikamukanika amakwera minibasi n'kukafunsa, kapena kugula kabodi kena madzulo omwewo. Wa kuno akaganiza kuti kabodi kafa amadikira masabata kuti wina abwere nako pa basi, pamene nthawi zambiri sikanafe n'komwe, kangoima pa mzere umodzi wa pulogalamu kudikira chinthu chimene sichidzabwera. Amene ali kutali ndi sitolo ndi amene akufunika kwambiri diso loonera mkati, ndipo mtengo wa diso limenelo ndi kabodi kamodzi koonjezera ndi mawaya atatu. Ngakhale madola 4 aja atakwera kawiri pofika kuno, sakufika pa mtengo wa basi yopita ku Lusaka.

Aphunzitsi a makompyuta ndi a JETS, nanunso okonza mafoni amene mukufuna kupitirira pa "inali software": mukamatuma munthu ku Lusaka, kapena kudutsa pa Lusuntha kupita ku Malawi, musamuuze kuti abweretse Pico mmodzi. Abweretse awiri, ndi chingwe cha USB chimene wachiyesa pa foni asanalipire. Mmodziyo mumulembe chizindikiro ndi penti ya zikhadabo, mumuflashe debugprobe tsiku lomwelo, ndipo asagwirenso ntchito ina.